Mwana wanga, ayambe wamanga mudzi asanagwire mfuti

Wokondedwa mwana wanga,

Ndikhulupirira kuti nonse muli bwino ku Johannesburg kumeneko, iwe, mpongozi wanga ndi ana. Kuno ku Blantyre tadzuka, kungoti mwendo wa amayi ako umawavutabe kukazizira. Akupereka moni kwa nonse.

Uthenga wako wa pa WhatsApp ndaumvera kawiri. Ukuti wagula kompyuta, ndipo mnyamata wako, amene wakwanitsa zaka 11, sakukugonetsa tulo pofuna kuti umuikire gemu yowomberana imene anzake akusukulu akusewera. Ukufunsa kuti ndi magemu ati amene ndingakusankhire, a mwanayo komanso ako. Ndinayamba kuyankha pafoni pomwepo, koma ndinaona kuti nkhaniyi ndi yaitali, choncho ndakhala pansi kuti ndilembe modekha. Zaka zonse zimene ndinkayendetsa kashopu ka intaneti ku Limbe ndinaona anyamata ambiri akudutsa pa mipando ija. Ena magemu anawanola mutu, ena anawadyera sukulu. Zimene ndikulembazi ndinaziona ndi maso angawa.

Usamukanize kusewera. Ukakaniza, akaseweretsa kwa anzake kumene iwe sukuona. Koma gemu yoyamba isakhale yowomberana. Ayambe ndi ija ndinakuphunzitsa iwe pa kompyuta ya pakona, Age of Empires II.

Ndikudziwa kuti ukuseka, ukuti bambo akadali pa zakale. Inde ndi yakale, inatuluka mu 1999, anaipanga ndi a Ensemble Studios a ku Texas ndipo a Microsoft ndi amene ankaigulitsa. Koma mu 2019 anaikonzanso n'kuitcha Definitive Edition, zithunzi zake zikuwala bwino, ndipo anthu akuiseweretsabe dziko lonse lapansi. Sifuna kompyuta yamphamvu kwambiri, komanso ukhoza kupikisana ndi kompyuta yokhayo ngakhale intaneti itadula.

Kumbukira mmene imayambira. Umapatsidwa anthu atatu, munthu mmodzi wa pakavalo woyendera dera, ndi nyumba yaikulu ya pakati pa mudzi. Basi. Zonse zimene udzakhale nazo zichokera pa zinthu zinayi: chakudya, mitengo, golide ndi miyala. Munthu watsopano aliyense amalira chakudya 50, ndipo nyumba imodzi imasunga anthu asanu, ndiye ukaiwala kumanga nyumba mudzi umaima osakula. Uyenera kuganiza kuti angati apite kodula mitengo, angati kumunda, angati kumgodi, ndipo ndi liti pamene chuma chakwana kuti udutse kuchoka m'nyengo imodzi kupita ina, pakuti nyengo zake zilipo zinayi. Mwana aliyense amene ndinamuona akuyamba gemu imeneyi amalakwitsa mofanana. Amathamangira kupanga asilikali, alimi n'kuwaiwala. Pakapita mphindi makumi awiri, nkhokwe zilibe kanthu, mdani akubwera ndi gulu lowirikiza katatu. Iwenso unatero. Tsiku limenelo unachoka pampando misozi ili m'maso, ukunena kuti kompyuta ikubera. Mawa lake unabweranso, unayamba kuwerenga alimi ako, ndipo sabata isanathe unawina. Nkhope imene unaonetsa tsiku lowinalo sindinaiiwale, ndipo ndikufuna iwenso udzaione pa mwana wako.

Chinanso chimene ndimaikondera n'choti mulibe msilikali woposa onse. Ankhondo a pamahatchi ndi okwera mtengo ndiponso oopsa, koma anthu a mikondo, amene ndi otchipa, amawagwetsa. A mauta amalasa oyenda pansi ali patali, koma a pamahatchi akawapeza amawamwaza. Ndiye sungangounjika mtundu umodzi n'kumayembekeza kuwina. Uyenera kutuma wokazonda kuti uone chimene mnzako akukonza, kenako n'kukonza chomuyankha. Ndi bawo yemweyo amene agogo ako ankasewera pansi pa mtengo wa mango. Iwo sankatola njere m'dzenje asanawerenge kumene zikathere, ndiponso asanayang'ane mzere wa mnzawo. Magemu a mtundu umenewu, amene pa Chingerezi amati strategy, amaphunzitsa mwana kuwerenga asanatole.

M'gemu yomweyo muli Aafirika. Mu 2015 anawonjezeramo gawo lotchedwa The African Kingdoms, mmene muli anthu a ku Mali, a ku Ethiopia ndi Aberber a kumpoto, ndipo gawoli lili kale mu Definitive Edition. Muli nkhani ya Sundjata, amene anakhazikitsa ufumu wa Mali m'zaka za m'ma 1200. Mdzukulu wanga akulira kunja, ndipo zambiri zimene aziona pa sikirini zizikhala za mafumu a ku Ulaya. N'kofunika kuti aone kuti kwathu kuno kunalinso maufumu a mizinda ndi malonda a golide. Ungomuuza kuti opanga magemu amathira mchere m'mbiri kuti ikome, choncho akamaliza gawo limenelo mukafufuze limodzi za Sundjata weniweni. Mukatero ukhoza kumufotokozeranso za Kalonga ndi Maravi, zimene sadzazipeza m'gemumo.

Yachiwiri ndi Civilization. Iyi ndiyo bawo weniweni chifukwa mumasewera mosinthana, iwe ukaponya umadikira enawo aponye, ndipo palibe wokuthamangitsa. Yoyamba anaipanga Sid Meier mu 1991. Umayamba ndi kagulu kamodzi kofuna malo omanga mudzi zaka 4000 Yesu asanabadwe, n'kuyenda nako mpaka nthawi ya ndege ndi zombo zopita kumwezi. Umasankha pomanga mzinda poona mtsinje ndi nthaka, umasankha luso loti anthu ako ayambe kuphunzira, kaya kuumba mbiya, kaya kulemba, kaya kusula chitsulo, ndipo chimene wasankha lero umakolola zotsatira zake patapita maola. Chokoma chake n'choti ukhoza kuwina osagonjetsa aliyense pankhondo. Ukhoza kupambana ndi sayansi, ndi chikhalidwe, kapena ndi chipembedzo. Gula Civilization VI ya 2016. Ina yatsopano inatuluka mu 2025, koma ya 2016 ndi yokwana ndipo imatsika mtengo kawirikawiri. M'menemo muli Mvemba a Nzinga, mfumu ya Kongo, ndipo m'magawo ogula padera muli Mansa Musa wa ku Mali ndi Shaka wa Azulu, amene dzina lake mwanayo amalimva tsiku ndi tsiku kumeneko.

Koma pa Civilization chenjezo langa likupita kwa iwe, osati kwa mwana. Gemu imeneyi ilibe popumira. Nthawi zonse pamakhala kanthu kamene katsala pang'ono kutha, ndiye umangoti ndiponyeko kamodzi kokha, kenako kamodzi kenanso. Ine inandigwira kwambiri chaka china uli ku sekondale. Ndinkati ndikatseka shopu n'kukhala momwemo, pozindikira atambala akulira. Amayi ako anapirira milungu ingapo, kenako anandikhazika pansi n'kundifunsa ngati ndikudziwa kuti mlongo wako wakhala akudwala masiku atatu. Sindinkadziwa. Manyazi a tsiku limenelo ndimawamvabe mpaka lero. Iwe uli ndi ntchito, uli ndi mkazi, uli m'dziko la eni. Ukamayamba gemu imeneyi uzitchera alamu pafoni, ndipo ikalira uzisunga gemuyo n'kuzimitsa ngakhale nkhondo ili pakati. Idzakudikira.

Ngati ndalama zathina, ilipo 0 A.D., yofanana ndi Age of Empires koma yaulere kotheratu, yopangidwa ndi anthu ongodzipereka, ndipo muli ufumu wa Kush wa m'mbali mwa mtsinje wa Nile. StarCraft ya 1998 nayonso a Blizzard anaipanga kukhala yaulere mu 2017. Ku South Korea inatchuka mpaka kumaionetsa pa wailesi yakanema ngati mpira. Ndi yabwino koma imafuna zala zothamanga kwambiri, ndiye mwanayo adzaiyese akazolowera zinazi.

Tsopano za kuwomberana, zimene mwanayo akulirira.

Sindikufuna uganize kuti ndimadana nazo. Ndinasewera Doom, imene a id Software anatulutsa mu 1993, ndipo sindidzaiwala mantha amene ndinamva poyenda m'makonde amdima aja. Magemu amenewa amawatcha first-person shooter chifukwa suona munthu wako pa sikirini, umaona ndi maso ake, mfuti ili patsogolo ngati ili m'manja mwako. Mphamvu yake ili pomwepo, ndipo kuopsa kwake kwa mwana wamng'ono kulinso pomwepo. Mu Age of Empires ankhondo ndi tinthu ting'onoting'ono timene ukutiona uli pamwamba. Umu ndiwe amene ukuloza munthu kumutu.

Kwa iwe wamkulu, Counter-Strike ikadali mfumu. Inayamba mu 1999 ngati kachigamba kamene anyamata awiri, Minh Le ndi Jess Cliffe, anasokerera pa gemu ya Half-Life, kenako kampani ya Valve inaitenga. Ndi imene inkadzaza shopu yathu Loweruka masana, makompyuta titawalumikiza ndi mawaya, anyamata akukuwa mpaka oyandikana nafe kudandaula. Ya masiku ano ndi Counter-Strike 2 ya 2023, ndipo ndi yaulere pa Steam, msika wa magemu wa pa intaneti. Amene sanaiseweretsepo amaganiza kuti ndi kungowombera chisawawa, pamene mkati mwake muli nzeru zambiri. Mumakhala asanu mbali iyi, asanu mbali inayo. Ukafa sudzukanso mpaka chigawo chimenecho chithe, choncho wothamanga yekha kutsogolo amangosiya anzake ali anayi. Aliyense amayamba ndi madola 800 a m'gemumo, ndipo ndalama zimabwera malinga ndi mmene mwachitira. Mukaluza, nthawi zina nzeru ndi yoti nonse musagule kanthu chigawo chimodzi kuti chotsatira mugule mfuti zabwino limodzi. Mmodzi akaphwanya pangano n'kugula yekha, wapweteketsa timu yonse. Mutu umodzi susenza denga, ndipo gemu imeneyi imakukumbutsa zimenezo mphindi ziwiri zilizonse. Khutu limagwira ntchito kuposa chala, chifukwa umamva mapazi a mdani usanamuone. Uli ndi mwayi chifukwa maseva awo ena, makompyuta akuluakulu amene amalumikiza osewera, ali ku Johannesburg komweko, ndiye ukadina mfuti imalira nthawi yomweyo. Ife kuno timachedwerako pang'ono.

Ukafuna ya wekha, ya nkhani yoyenda bwino yosafuna intaneti, tenga Half-Life 2 ya 2004. Yakalamba koma sinathe kukoma, ndipo imayenda ngakhale pa laputopu wamba. Iliponso ina ya 2008, Far Cry 2, imene nkhani yake imachitikira m'dziko la mu Africa losatchulidwa dzina. Munthu wako amadwala malungo, maso amachita chidima pakati pa nkhondo, ndipo uyenera kusakasaka mapiritsi. Ndinadabwa kuona matenda athu ali m'gemu. Koma inandiwawanso mtima, chifukwa Africa wa m'menemo ndi wa mfuti, moto ndi dayamondi basi, ngati kuno kulibe anthu olima ndi ana opita kusukulu. Ukaisewera uisewere ukudziwa zimenezo, ndipo mwana asakhale pafupi.

Kwa mdzukulu wanga, Counter-Strike ndi Call of Duty, gemu inanso yowomberana, adikire. Pa magemu pamakhala nambala ya zaka. Ya ku Ulaya imatchedwa PEGI ndipo ili ndi masitepe asanu, 3, 7, 12, 16 ndi 18, komanso ku South Africa kuli bungwe lawo la Film and Publication Board limene limaika zaka zake. Call of Duty za masiku ano zimakhala pa 18. Age of Empires II ndi Civilization VI zili pa 12, ndipo poti mudzakhala limodzi, chaka chimodzi chotsalacho sichikundidetsa nkhawa. Nambala zimenezi uziziwerenga monga umawerengera pa botolo la mankhwala. Komabe magazi a pa sikirini si amene amandiopsa kwambiri. Zondiopsa ndi ziwiri.

Choyamba ndi mawu a m'mahedifoni. M'shopu mwathu amene unkawomberana naye anali pampando woyandikana nawe, ukamutukwana mukumana panja. Pa intaneti mwana amalankhula ndi akuluakulu osawadziwa, obisala kuseri kwa mayina abodza. Ena amatukwana zoti sungazibwereze, ena akamva kalankhulidwe ka mwana wa mlendo amayamba kunyoza mtundu wake, ndipo ena amayamba ndi ubwenzi n'kumafunsa kumene amakhala. Mwana wa zaka 11 sangasenze zimenezo, ndipo nthawi zambiri sanena kunyumba poopa kulandidwa gemu.

Chachiwiri ndi mabokosi. Magemu ambiri aulere ali ngati nkhuyu, chikomekome kunja mkati muli nyerere. Mu Counter-Strike umatola bokosi, koma kuti ulitsegule ugule kiyi wa pafupifupi madola awiri ndi theka a ndalama zenizeni. Mkati mumatuluka utoto wa mfuti, kawirikawiri wopanda phindu, mwa apo ndi apo wamtengo wapatali. Ameneyo ndi juga, ngakhale atamuveka malaya ena. Dziko la Belgium linagamula mu 2018 kuti mabokosi ogula oterewa ndi juga. Ukabwera kuno udzaone mmene achinyamata adzazira m'malo obetcherana mpira, ndalama ya ndiwo ikuthera momwemo. Sindikufuna mdzukulu wanga aphunzire kukoma kwa kubetcha ali m'chipinda chochezera cha bambo ake. Khadi lako la kubanki usalisiye losungidwa pa Steam, ndipo nambala yachinsinsi ikhale yako wekha.

Ndiye umupatse chiyani poti mtima wake uli pa mfuti? Mugulire Portal 2 ya 2011. Amaona ndi maso a munthu wake ngati m'magemu enawo, mfuti ili m'manja, koma mfutiyo siipha. Imaboola makomo awiri pakhoma, ukalowa khomo ili umatulukira linalo, ndipo chipinda chilichonse ndi mwambi woti aumasule kuti apeze potulukira. Adzaphunzira kuyenda ndi kiyibodi ndi kuloza ndi mausi mofanana ndi anzakewo, koma mutu ukugwira ntchito. Muli gawo la anthu awiri, maloboti awiri amene sangatuluke popanda kuthandizana. Limenelo musewere awiri, iwe ndi iye. Mudzakangana, mudzaseka, ndipo tsiku lina adzaona yankho iwe usanalione. Ukamuyamikire pamaso pa amayi ake.

Pali chinthu chimene sindinakuuzepo. M'shopu muja munkabwera anyamata atavala yunifolomu nthawi ya sukulu, ena atabisa malaya m'chikwama. Ndinkadziwa kuti athawa m'kalasi, ndinkadziwanso kuti ndalama imene akundipatsa ndi ya chakudya chamasana kapena ya minibasi. Ndinkailandira, chifukwa lendi inkafunika. Mmodzi wa iwo anali wanzeru kwambiri, woti akayang'ana mapu kamodzi wawasunga m'mutu. Analephera mayeso a Fomu 4, ndipo amayi ake anabwera kudzaima pakhomo la shopu osalankhula kanthu, kungondiyang'ana. Kuyambira tsiku limenelo ndinaletsa yunifolomu isanakwane 3 koloko, koma kwa mnyamata ameneyo ndinali nditachedwa. Gemu imene ankasewera inali yomweyo imene iwe unkasewera. Kusiyana kwake kunali koti iwe unali ndi munthu wokuuza kuti nthawi yakwana, dzuka. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linavomereza mu 2019 kuti kukodwa ndi magemu ndi vuto la thanzi, pamene munthu walephera kudziletsa mpaka sukulu, ntchito ndi ubale zikuwonongeka iye osasiya. Ana ambiri safika pamenepo. Koma uziona ngati wayamba kunama za nthawi, kusiya mpira ndi anzake, kapena kukwiya moopsa ukamuitana kudzadya.

Kompyutayo ikhale pabalaza, osati kuchipinda kwake. Ndipo pomuikira malire usamawerenge mphindi, uziwerenga magemu. Mpikisano umodzi wa Age of Empires umatha theka la ola kapena kupitirirako. Ukamuzimitsira pakati, mudzi umene wauvutikira ukuonongeka iye akuona, ndipo adzakusungira mkwiyo umene ukanapeweka. Mugwirizane asanayambe kuti lero ndi gemu imodzi, homuweki itatha, Loweruka ziwiri. Ikatha adzuke yekha. Iwenso uzisunga lamulo lomwelo iye akuona.

Mlongo wake usamusiye. Ine ndinalakwitsa pamenepo, ndinaphunzitsa iwe wekha ngati kuti makompyuta ndi a anyamata, pamene mlongo wako ndi amene ankagonjetsa aliyense pa drafuti pakhomo pano. Mtsikanayo akafika msinkhu akhale ndi nthawi yake pampando, osati kumangoonerera kumbuyo kwa mchimwene wake.

Pa zogula, usafulumire. Steam imatsitsa mitengo kwambiri chakumapeto kwa June ndi mu December, ndipo magemu akalewa amatsika mpaka kutsala kachigawo kochepa ka mtengo wake. Ukagula gemu n'kupeza kuti siikuyenda pa kompyuta yako, amabweza ndalama ngati sipanathe masiku 14 ndipo sunaiseweretse maola opitirira awiri. Uziyang'ananso kukula kwake usanayambe kuitsitsa pa intaneti, chifukwa Call of Duty za masiku ano zimatha kupitirira 100 GB, zimene zingamalize bandulo ya mwezi wonse. Magemu obedwa a pa mafulashi ndi pa masamba okayikitsa uwapewe. Theka la makompyuta amene anthu ankabwera nawo kuti ndiwakonze linkadwala mavairasi ochokera kumeneko, ndipo masiku ano mavairasiwo amasaka manambala a kubanki.

Laputopu imene unanditumizira ija ndaikamo kale Age of Empires II, ndipo ndakhala ndikuyeserera madzulo amayi ako akamamvera wailesi. Nthawi ya kuno ndi ya kwanuko ndi imodzi, ndiye palibe chovuta kuwerengera. Mukagula, unditumizire dzina limene mwalembetsa pa Steam. Loweruka likubwerali 4 koloko masana ndidzakhala nditatchaja batire ndi kugula bandulo, kuti ngakhale magetsi athime tisadukize. Mwanayo akhale timu imodzi ndi ine, tilimbane ndi kompyuta pa mlingo wofewa, iwe ukhale pambali pake uzimukumbutsa kumanga nyumba. Umuuze kuti asankhe anthu a ku Mali, agogo ake adzatenga a ku Ethiopia.

Ndine bambo ako.